Thako la Chitini cha a Katsabola

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu amawalumpha kuli dziko lotchedwa Mwatipimira. Dzinali silinangogwa kumwamba. Kumeneko chilichonse chimapimidwa: mchere, mafuta a nyale, nthawi yolira pamaliro, ngakhale kuwomba m'manja pamsonkhano wa Amfumu, kumene muyeso wake ndi mphindi zinayi. Anthu anazolowera kalekale, moti ukampatsa munthu moni wautali amayamba wacheuka kuti aone ngati pali wina akuwerenga.

Mumzinda waukulu wa Dikirani, pamsika wa Bweraninso, panali wogulitsa nyemba dzina lake a Lufeyo Katsabola. Anali munthu wamfupi, waulemu woposa muyeso, wodziwa kufunsa za ana a kasitomala aliyense. Chuma chawo chenicheni sichinali nyemba koma chitini chopimira. Chinali chitini chakale cha mkaka, ndipo thako lake analigogoda ndi kahamala mpaka linalowa mkati ngati chulu. Kunja chinkaoneka chitini chathunthu, mkati munkalowa magawo awiri okha mwa atatu. A Katsabola ankaunjika nyemba pamwamba mpaka zina kugwa, kenako n'kuponyamo zisanu za basela uku akudandaula kuti mtima wabwino udzawapha ndi umphawi.

Tsiku lina wophika wa kunyumba yachifumu anagula zitini zisanu ndi zinayi, ndipo atakafika n'kupimanso anapeza zisanu ndi chimodzi. Dzuwa lisanapendeke asilikali anali atawanyamula a Katsabola pamodzi ndi chitini chawo. Anakawagwaditsa pakona ya bwalo la Amfumu kuti adikire, chifukwa nduna zinali pa nkhani yaikulu kuposa nyemba.

Mfumu Ndadyakale Wachinayi inali itakwiya kwa sabata zitatu. Potsegulira khola la boma, nkhukundembo ina yosadziwa maudindo inawathamangitsa Amfumu kuzungulira galimoto kawiri, chisoti chili m'manja. Wina anajambula. Kanemayo anayenda m'mafoni dziko lonse, ndipo ena anamuikira ng'oma.

"Ndikufunsa," anatero Amfumu, "kodi intanetiyi siitha?"

Mayi Namaseko, injiniya wa kampani ya Kangaude imene inkapereka intaneti m'nyumba zonse, anaimirira. "Siitha, Amfumu. Si chitsime. Ili ngati msewu. Madzulo anthu akaweruka kuntchito amathinana kwa ola limodzi, koma tsiku lonse lotsalalo mutha kuyanikapo chimanga. Tingokulitsa msewuwo, nkhani yatha."

"Khalani pansi, mayi," anatero a Thumbalanga, mlamu wa Amfumu, amenenso anali mwini kampaniyo. "Kukulitsa msewu kumadya ndalama. Kupima kumabereka ndalama. Kusukulu kwanuko sanakuphunzitseni?"

Apa nduna zinayamba kupikisana nzeru. Nduna ya Nyengo inati italota intaneti itauma, ana akukumba m'mawaya kufunafuna yotsalira. Nduna ya Chilungamo inati pali anthu ena amene amamwa intaneti ngati ng'ombe za m'chilimwe, ndipo njira yowatetezera omwa pang'ono ndi kumana onse. Nduna ya Zaumoyo inati maso a anthu afiira. Nduna ya Ziweto sinayankhule, chifukwa khola lija linali lake. Onse anagwirizana kuti intaneti ipimidwe, koma panalibe amene ankadziwa kupima mwa njira yoti wopimiridwayo achoke akuthokoza.

Ndipamene mlandu wa nyemba unaitanidwa. Wophika anaika chitini patebulo ngati mboni. A Thumbalanga anachinyamula, n'kuchitembenuza, n'kusisita thako lake ndi chala. Anthu anaona misozi ikulengeza m'maso mwawo.

"Amfumu," anatero, "ife tinatumiza anyamata kunja kukaphunzira zimenezi, pamene mphunzitsi wamkulu ali pamsika pompa."

A Katsabola analowa m'bwalomo akuyembekezera zikoti, anatulukamo atavala mkanjo wofiirira ndi chipewa cha nthenga, ali Mpimi Wamkulu wa Intaneti ya Ufumu. Kunena zoona, anakondwa. Munthu amene wakhala zaka makumi awiri akutchulidwa wakuba, tsiku limene amutchula katswiri salipenda kawiri.

Lamulo analilemba okha, ndipo linawerengedwa pamsika ndi chimkuzamawu. Nyumba iliyonse izilandira chitini chimodzi cha intaneti pamwezi, chokwanira maola atatu ocheza maso ndi maso pafoni. Chikatha, kanyali ka pa kabokosi ka Kangaude kazifiira ndipo intaneti iziyenda liwiro la nkhono. Wofuna yowonjezera azikagula kapu pawindo la kunyumba yachifumu, Lolemba mpaka Lachisanu, atayamba waonetsa umboni woti chitini chake chatheratu. Wonena kuti chitinicho n'choperewera wanyoza Amfumu ndipo azilipira mbuzi.

Panali ndime ina imene sinawerengedwe pamsika. A Katsabola anainong'oneza kwa mayi Namaseko m'chipinda cha makina: "Papepala mulembe maola atatu, m'makinamo muikemo awiri. Ndipo batani likhale limodzi la dziko lonse. Mabatani akachuluka, akalaliki amayamba kukomera achibale awo."

Mayi Namaseko anachita zimene anauzidwa.

Mawa lake Mpimi Wamkulu anadutsa pamsika ndi mkanjo wake kuti amve mmene anthu alilandirira lamulo. Mayi Nazimbiri, wogulitsa tomato amene benchi yake inkayang'anizana ndi ya nyemba ija, anawaitana.

"Bwana Mpimi, tatiuzeni. Ikatsala m'chitinimo mwezi n'kutha, mumatibwezera?"

"Ayi mayi, imeneyo imatayidwa."

"Chifukwa?"

"Imakhala itasasa."

"Ooo, imasasa ngati thobwa," anatero mayi Nazimbiri akugwedeza mutu ngati wamvetsa. "Nanga ya Amfumu imakhala m'chitini chotani?"

"Ya Amfumu ndi ya pampope."

"Ayi zikomo, taphunzira."

Wometa wa pafupi anati iye sakudandaula, chifukwa tsopano makasitomala ayambiranso kumuuza nkhani ndi pakamwa. Wogulitsa malasha anati kanema wa nkhukundembo anausunga kale m'foni, ndipo aliyense wofuna kuonera abwere madzulo ndi mpando wake. A Katsabola anaimirira pa kreti n'kulengeza kuti chitini chimodzi chimakwanira munthu aliyense wodziletsa, ndipo kuti iwo, monga chitsanzo, phazi lawo silidzaponda pawindo la makapu. Anthu anawomba m'manja mphindi zinayi zathunthu.

Kunyumba kwa a Katsabola kunali anthu awiri: akazi awo a Nangondo, ndi Ndaziona, mwana wa malemu mlongo wawo. Ndaziona anamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu, ndipo anakulira pansi pa benchi ya nyemba. Ngati panali munthu padziko amene a Katsabola sanamupimirepo ndi chitini chija, anali iyeyu. Ankamukonda kwambiri, ngakhale pakamwa pawo pankangotuluka za kuchapa mbale ndi kufika mochedwa.

Ndaziona anali ndi chibwenzi, Geresomu, amene ankagwira ntchito m'migodi ya dziko lakutali. Abwana ake anamukaniza tchuthi, choncho mabanja awiri anagwirizana kuti chinkhoswe chichitike ndithu, mkamwiniyo aonekere pa laputopu. Tsiku analisankha Ndaziona yekha: Loweruka, pa 29.

"Bwanji osachita kumayambiriro a mwezi, mwanawe?" anafunsa a Katsabola.

"Azibale a Geresomu ndi pamene apeze mpata, amalume. Musade nkhawa. Tisala intaneti mwezi wonse, chitini chifike chathunthu. Ndondomeko ndalemba ya maola atatu ndendende, monga mwa lamulo lanu."

Anawapatsa pepala. A Katsabola analiwerenga. Pemphero, mawu a ankhoswe, kubweretsa mkamwini, nyimbo, kenako atsikana ofundidwa zitenje, ndipo mwini nkhaniyo, Ndaziona, ankayenera kutuluka patatha maola awiri ndi theka. Ankaganiza kuti ndi iwo okha m'nyumbamo amene ankadziwa kuti ola lachitatulo kulibe.

Mwezi umenewo a Katsabola anaonda. Kunena zoona sakanatha, chifukwa kunali kunyoza Amfumu, ndiponso kunali kudzivula pamaso pa mwana amene ankawayesa munthu. Kukagula kapu sakanatha, chifukwa chitini chinali chisanathe, ndipo tsiku lodzathalo linali Loweruka, windo lotseka. Kubwereka kwa aneba kunali kuseketsa anthu, chifukwa pofika pa 29 Dikirani yense amakhala atafiira kale. Anakagwada kwa a Thumbalanga, amene anawamvetsera mwachifundo n'kuwakumbutsa kuti malamulowo analemba okha. Paja atambwali sametana.

Choncho anangotsala ndi nzeru imodzi: kuthamangitsa chinkhoswe. Aliyense amene anakhalapo pachinkhoswe akudziwa kuti n'chapafupi kuthamangitsa mtembo.

Tsiku linafika. Pabwalo anamanga tenti, akuchikazi mbali iyi, akuchimuna mbali inayo. Kabokosi ka Kangaude anakaika pawindo, kanyali kake kali biriwiri. Itakwana 1 koloko Ndaziona anaimbira Geresomu, nkhope yake inaoneka pa laputopu atavala jekete, anthu anaimba nthungululu, ndipo chitini chinayamba kutsika.

Nkhoswe yaikulu ya kuchimuna inali a Malizani, amalume ake a Geresomu, mkulu wa mpingo amene ankadziwika kuti akadalitsa chakudya amayi amakachitenthetsanso. Anapempha kuti atsegule ndi pemphero lalifupi. Anayambira kwa Adamu. Atafika pa Nowa, a Katsabola anafuula kuti "Ameni!" koma a Malizani anayesa kuti awalimbikitsa, ndipo anabwerera pang'ono kuti atchule nyama zimene anadumpha. Pemphero litatha, a Katsabola anayankhula mawu a kuchikazi m'mphindi imodzi: "Mwabwera, takuonani, mwana alipo, tiyeni." Anthu anayang'anana. Wina anati Mpimi wayamba kupima ngakhale mwambo.

Kenako a Malizani analengeza kuti mwambo ndi mwambo: mkamwini ayenera kubwera wofundidwa, ndipo akuchikazi amuzindikire pakati pa ena. Ananyamula laputopu n'kupita nayo kuseri.

"Tiizimitse kaye pamene ili kuseriko," anachonderera a Katsabola.

"Mwini chinkhoswe sazimitsidwa, achimwene," anayankha a Malizani.

Panapita nthawi, amayi akuchimuna anatulukira akuvina pang'onopang'ono, mapazi awiri kutsogolo limodzi kumbuyo, atanyamula chinthu chofundidwa chitenje. Chisanafike n'komwe a Katsabola anadumpha: "Ndi yemweyo! Tamuzindikira!" Atavundukula, inali wailesi.

Pabwalo panagwa phwete. A Malizani okha ndi amene sanaseke. "Ndiye kuti mwana wathu, amene tinamuphunzitsa mpaka folomu folo, inu mukumuona ngati wailesi?" Kupepesa kwake kunatenga mphindi khumi ndi zisanu, chifukwa a Malizani anafuna kufotokoza mbiri ya banja lawo kuti cholakwikacho chisadzachitikenso. Kachiwiri anabweretsa ayironi. Pamene laputopu inkavundukulidwa kachitatu, Geresomu ali thukuta ngati kuti chitenjecho chinamufunda iyeyo, kanyali ka pawindo kanali katasanduka kachikasu.

A Katsabola anayang'ana wotchi. Ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Anathamangira kukhomo la nyumba. "Tulutsani mwini wakeyo basi, enawo asiyeni!"

"Iii, bambo, mwana mmodzi yemweyu timutulutse ngati mbuzi yogulitsa?" anayankha a Nangondo mkatimo, n'kutseka chitseko.

Mtsikana woyamba anatuluka atafundidwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amayi akumuvinira. Anamuimika kutsogolo kwa laputopu. Geresomu anaseka. "Ayi, si ameneyo. Wanga ndi wamtali." Anamubweza ndi nyimbo yomweyo, ndime zonse. Wachiwiri anali wonenepa ndipo ankanunkhira tomato. "Ayi, amenewo ndi mayi Nazimbiri, ndawadziwa mayendedwe!" Anthu anafa nazo. A Katsabola sankaonanso anthu, maso awo anali pawindo.

Wachitatu anatuluka akuyenda monyang'wa. Anaima. Geresomu anayang'ana m'munsi, nkhope yake inawala, anatsegula pakamwa mano onse panja.

Kanyali kanafiira.

Nkhope ya Geresomu inaima pomwepo, ikumwetulira ngati chithunzi cha pakalendala.

"Mwana wathu, kodi ndi ameneyu?" anafunsa a Malizani. Geresomu anamwetulira. Anafunsa kachiwiri, ndipo kachitatu anachita kuwerama n'kufunsira pakamera penipeni. Geresomu anapitiriza kumwetulira.

"Mwaona nonse," anatero a Malizani. "Awiri oyamba anawakana ndi pakamwa. Uyu wamusekerera, ndipo chimwemwe chamutseka mawu. Vundukulani, bweretsani tambala!"

Anavundukula. Anali a Nangondo, atadzola milomo.

Phokoso limene linabuka linamveka mpaka kumsika. A Nangondo anakonza duku, n'kuyang'ana mkamwini wa pa laputopuyo kuyambira kumwamba mpaka kunsi. "Ine ndilibe mawu," anatero. "Mnyamata wa jekete, wosayankha akulu, ndiponso kumene aliko intaneti sapima. Ndikanize chiyani?" Analandira tambala n'kumukumbatira.

"Mayi, musasewere!" anakuwa a Katsabola. "A Malizani, chithunzi changoima ichi. Ndi makina chabe!"

"Makina aima bwanji?" anafunsa a Malizani, ndipo tsopano nkhope yawo inali ya pamaliro. "Munatiuza kuti mwasala mwezi wonse. Lamulo likuti maola atatu. Ngati makina ali bwino, mwana wathu wasankha mkazi wa mwini, ndipo tachita manyazi. Ngati makina aima, ndiye kuti munatinamiza, munadya intaneti ya chinkhoswe. Zonse ziwiri ife sitingakwatire pakhomo pano. Tipatseni tambala wathu tizipita, ndipo sitidzapondanso."

Akuchimuna anayamba kuimirira, amayi akupinda zitenje zawo. Mayi Nazimbiri, amene anali atavula kale chofunda chawo, anakweza dzanja n'kuyang'ana wotchi mokokomeza. "Koma anthuni, ine sukulu ndinalekera panjira. Tayamba wani koloko, pano ndi fili koloko. Awa ndi maola awiri. Lachitatu lapita kuti?"

Bwalo linati zii. Maso onse anatembenukira kwa Mpimi Wamkulu. Ndipo m'kati mwa chete ameneyo a Katsabola anamva kulira kuchokera m'nyumba. Sikunali kulira kofuula. Kunali komwe kuja Ndaziona analira tsiku limene anamutenga kumaliro a mayi ake, akuyesa kubisa kuti asavutitse anthu. Mtima wa a Katsabola unawawa kwambiri, ndipo mkanjo wofiirira uja unawalemera ngati wanyowa.

Anatulutsa foni n'kuimbira mayi Namaseko. Mwa phuma anadina pokweza mawu, ndipo bwalo lonse linamva.

"Mayi, tsegulirani nyumba yanga. Ola limodzi lokha."

"Batani ndi limodzi, a Katsabola, la dziko lonse. Munatero nokha, kuti tisamakomere achibale."

A Katsabola anayang'ana a Malizani, amene anali atavala kale chipewa. Anayang'ana chitseko cha nyumba.

"Tsegulani dziko lonselo."

"Nenani bwinobwino chimene ndikutsegula ndi chifukwa chake. Ndikujambula mawu, Lolemba ndisakafe ndekha."

A Katsabola anavula chipewa cha nthenga. "Ine Lufeyo Katsabola ndinagogoda thako la chitini cha dziko. Papepala ndi maola atatu, mkati ndi awiri. Ndipo intanetiyo siitha, sisasa, siuma. Chotsani chitinicho, mayi, tsegulani mpope. Mwana wanga akulira."

"Ndakhala ndikudikira foni imeneyi miyezi isanu ndi itatu," anatero mayi Namaseko.

Kanyali kanabiriwira. Nkhope ya pa laputopu inagwedezeka, ndipo mawu a Geresomu anatuluka ndi chiseko chake chonse: "Azakhali amenewo! Nsapato zawo za kumvano ndazidziwa! Abwezeni, ndikufuna Ndaziona!"

A Malizani anavula chipewa, n'kunena kuti zimenezi zikufunika pemphero lothokoza. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo a Katsabola anati, "Pempherani, achimwene, musasiyeko nyama ngakhale imodzi."

Ndaziona anatuluka maso ali ofiira, ndipo Geresomu anamuzindikira chitenje chisanafike n'komwe pakati pa bwalo. Anapatsana mphete kudzera mwa ankhoswe, akuchikazi anapereka msoti, anthu anavina mpaka fumbi linakwera. Vuto linali la tambala yekha, chifukwa a Nangondo anakana kumubweza, amvekere wosankhidwa ndi wosankhidwa. Pakati pa nyimbo, kuchokera m'nyumba zonse za Dikirani kunkamveka kulira kwa nkhukundembo ndi ng'oma.

Mpope unakhala wotsegula Loweruka lonse ndi Lamulungu lonse. Anthu anaonera, anaimba, anatumizirana zithunzi za azibale amene anali atawaiwala nkhope. Nduna ya Nyengo inakhala pakhonde kudikira kuti intaneti iume. Sinaume.

Lolemba m'mawa chimkuzamawu chinalengeza pamsika kuti Mfumu Ndadyakale Wachinayi, mwa chifundo chake chosapimika, inapatsa anthu ake basela wa masiku awiri, ndipo kuti pobwezeretsa zimene zinamwedwa, chitini cha mwezi wotsatira chikhala cha maola awiri. Anthu anawomba m'manja mphindi zinayi. Wometa anati aka n'koyamba boma kulemba zoona papepala. Wogulitsa malasha anamuuza adikire kaye aone thako la chatsopanocho, chifukwa udindo wa Mpimi anali ataupereka kwa a Thumbalanga.

A Katsabola anawalanda mkanjo ndi chipewa, n'kuwalipiritsa mbuzi chifukwa chonyoza chitini. Chitini chawo chakale chokha ndi chimene anawabwezera, poti a Thumbalanga anali atakopera kale luso lake. Lachiwiri anali pabenchi yawo ya nyemba, mutu uli pansi, akudikira kuti msika uwalavulire.

Palibe amene analavula. Mayi Nazimbiri anangowapatsa moni ngati munthu amene anapita kumudzi kukaona odwala.

"Simunakwiye, mayi?" anafunsa a Katsabola. "Ndinakunamizani nonse."

"Kutinamiza ife? Bambo, tsiku limene anakuvekani chipewa chija msika wonse unadziwa kuti ola limodzi lapita. Nyemba zanu tinkagula ndife. Timangosowa wokanena, poti mbuzi tilibe."

Chapamasana Ndaziona anabwera ndi thumba lopanda kanthu, kudzagula nyemba zoti ayambe kusungira ukwati. A Katsabola analephera kumuyang'ana m'maso.

"Mwanawe, ndinatsala pang'ono kukuphera banja."

Ndaziona anakhala pa kreti, malo ake akale. Ananyamula chitini, n'kuchitembenuza, n'kuika chala pathako pake.

"Amalume, pamene munkagogoda ichi, ankakugwirirani ndani?"

A Katsabola anakumbukira timanja tiwiri titagwira chitini pamwala, ndi kamwana kakutsinzina nthawi iliyonse kahamala kakatsika.

"Tsiku la pa 29 ndinasankha dala," anatero Ndaziona. "Ndondomeko ndinaitalikitsa dala. Azakhali ankadziwa, mayi Nazimbiri ankadziwa. A Malizani okha sitinawauze kanthu, iwo amangofunika kuwapatsa mpata."

"Ndiye kuti kulira kuja kunali sewero?"

"Ayi. Chitini ndinkachidziwa bwinobwino. Chimene sindinkadziwa n'choti pa ine mudzathira mpaka pati. Nditamva a Malizani akuitanitsa tambala wawo, inu muli chete, ndinaona kuti mwina ndataya Geresomu ndi amalume tsiku limodzi."

A Katsabola anafuna kukalipa, chifukwa mwana wochenjera chotero amayenera kukalipiridwa. M'malo mwake anatenga chitini m'manja mwa Ndaziona, n'kuchivundikira pansi pa benchi. Kenako anakumbatira thumba lawo lalikulu la nyemba, n'kulipendeketsa.

"Gwira kukamwa kwa thumba lakolo," anatero.

"Zingati, amalume?"

"Gwira basi. Ndikuuza ndikatopa."